Ufulu wathu unayambiranso kumunda

Abale anzanga a kuno ku Chisepo, ndi inu muli ku Lilongwe ndi ku Joni, lero tikambeko za ufulu. Ana ambiri ukawafunsa za 3 March amangoti ndi holide. Enanso amasakaniza 1964 ndi 1966. Tiyeni tiwongole.

Mu 1953 azungu anatilowetsa mu Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland ife tisakufuna. Mafumu anapita mpaka ku London kukakana, koma sanawamvere. Nanga munthu wa khasu, za Chitaganya zinamukhudza bwanji? Iye chimene chinkamuwawa ndi malamulo a malimidwe. Akapitawo a zaulimi ankayendera minda. Ukapanda kuunga mizere yopingasa kapena kukumba migula, unali chindapusa, apo ayi ndende. Fodya wakonso unkagulitsa ku bodi ya boma, mtengo akudulira okha. Ku Ntcheu, Inkosi Philip Gomani inauza anthu ake kuti akane malamulowa, ndipo boma linaichotsa pampando chaka chomwecho.

Ndiye Kamuzu atatera pa Chileka pa 6 July 1958, anapeza mkwiyo uli kale m'midzi. Pa 3 March 1959 bwanamkubwa Robert Armitage analamula kumanga atsogoleri a Congress. Kamuzu anakamutsekera ku Gweru, ena ku Kanjedza. Ku Nkhata Bay asilikali anawombera anthu amene anakhamukira kudoko kufuna abale awo omwe anatsekeredwa m'sitima. Dziko lonse anafa oposa 50, ambiri alibe mfuti m'manja. Ndiwo timawakumbukira pa 3 March, pamodzi ndi John Chilembwe wa 1915.

Kamuzu anatuluka mu April 1960, Malawi Congress Party inapambana chisankho cha 1961, Chitaganya chinatha pa 31 December 1963. Pa 6 July 1964 Nyasaland inakhala Malawi, Kamuzu ali nduna yaikulu, koma Mfumukazi ya ku Britain ikadali mutu wa dziko. Repabuliki ndi pulezidenti zinabwera pa 6 July 1966.

Chondiganizitsa ndi ichi. Mizere yopingasa ija lero tikuunga tokha m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi muno, chifukwa popanda iyo nthaka imathawira ku Bua. Makolo sankadana ndi mzere ayi, ankakana kulamulidwa ngati ana pamunda wawo womwe. Inu a m'tauni, mukabwera kudzatenga ufa, khalani pansi ndi agogo amene anaona 1959. Atsala ochepa ndithu.