Utsi wa m'chipanda

Tikalandira chipanda cha mowa wa masese kuno ku Katete, Sinda kapena Vubwi, choyamba kutifika ndi fungo la utsi. Kenako kuwawasa, chimera n'kutsalira pa lilime.

Makolo athu ankayanika chimera cha mawere padzuwa. Utsi unkalowa pophika, phala likuwira m'mbiya pa mafuwa, nkhuni zikufuka. Mowa womwewo unkalimitsa minda pa dima, ndiponso unkathiridwa nsembe kwa mizimu.

Azungu nawonso ankaudziwa utsiwu, chifukwa ambiri ankaumitsa chimera pamoto. Mu 1635 ku England, Nicholas Halse analembetsa ng'anjo youmitsira chimera popanda utsi, ndipo pang'onopang'ono kakomedweko kanazilala. Koma mumzinda wa Bamberg ku Germany, ofulula a Schlenkerla ndi Spezial sanasiye, moti lero alendo amapitako kukalawa.

Kwathu kuno migolo yachitsulo inalanda malo a mbiya, Chibuku n'kubwera m'mapaketi. Luso lofulula latsala m'manja mwa achikulire. Chaka chino tisanapite ku Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti, tikhale nawo pamoto, tiwafunse nkhuni zimene amasankha ndi masiku amene amawerenga.