Mmene oyendetsa forklift anayambira kulowa m'kalasi

Mu 1917, amisiri a kampani ya Clark ku Michigan anadzipangira kangolo ka injini kotutira zitsulo mkati mwa fakitale yawo. Mafoloko kanalibe, koma alendo atakaona anayamba kuitanitsa kawo. Mu 1923 kampani ya Yale inatulutsa makina amagetsi okweza katundu m'mwamba ndi mafoloko. Pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, asilikali a America atayamba kusanja katundu pa mapaleti, forklift inadzaza m'madoko ndi m'nyumba zosungiramo katundu.

Lamulo loti woyendetsa aphunzire kaye linachedwa kwambiri. M'malo ambiri, aliyense wodziwa galimoto ankangopatsidwa kiyi.

Pomwepo ndi pamene panagona vuto, chifukwa forklift ya counterbalance si galimoto. Imagwira ntchito ngati sikelo ya pamsika: katundu ali kutsogolo, chitsulo cholemera chili kumbuyo, ndipo matayala akutsogolo ndiwo pakati. Ukanyamula zopitirira muyeso wolembedwa pa kachitsulo ka makinawo, matayala akumbuyo amanyamuka. Komanso matayala akumbuyowo ndi amene amakhota, choncho chakumbuyo chimazungulira msanga n'kukankha munthu amene amayesa kuti waima patali. Kukhota mothamanga katundu ali m'mwamba kumaigwetsera m'mbali. Ikamagwa, mtima umauza woyendetsa kuti adumphe, ndipo ambiri afa motero, atapsinjidwa ndi denga la makinawo. N'chifukwa chake aphunzitsi amaumirira za lamba, ndi zoti munthu agwiritsitse chiwongolero n'kupendekera kumbali yosiyana ndi kumene makinawo akugwera.

Ku America, bungwe la boma loona za chitetezo pantchito la OSHA linayamba ntchito mu 1971, koma lamulo lake loyamba linali lachidule: oyendetsa akhale ophunzitsidwa ndi ololedwa. Aphunzire chiyani, ndipo awayesa ndani? Zimenezo linasiyira mabwana. Kunena zoona, lamulo lotere linali losavuta kulizemba. Panadutsa zaka zoposa 25 kuti alikonze. Lamulo latsopano linasindikizidwa pa 1 Disembala 1998, ndipo limafuna maphunziro a m'kalasi, oyendetsa makina enieni, kenako kuyesedwa pamalo pomwe munthuyo azigwira ntchito. Oyendetsa amayesedwanso pakatha zaka zitatu zilizonse, ndipo amabwerera ku maphunziro akachita ngozi, ngakhale yongotsala pang'ono kuchitika.

Britain inatsogolako pang'ono. Potsatira lamulo la chitetezo pantchito la 1974, mu 1988 kunatuluka ndondomeko yovomerezeka yophunzitsira oyendetsa, imene lero imadziwika kuti L117. Munthu amayamba ndi maphunziro oyambira, kenako amaphunzira makina ndi katundu wa pantchito yake, n'kumaliza ndi kuzolowera malowo akuyang'aniridwa.

Ofuna ntchito amakonda kunena za "laisensi ya forklift", koma m'mayiko awiriwa boma silipereka laisensi yotero. Chimene munthu amalandira ndi satifiketi ya maphunziro, ndipo udindo woona ngati angathedi kuyendetsa uli pa bwana wake. Akasamukira ku kampani ina, bwana watsopanoyo amayenera kumuyesa asanamupatse kiyi.