Khoma Ndi la Mwini, Nsalu Ndi Yanga

Ambiri mwa ife amene tinachoka kumudzi tikukhala m'nyumba za lendi, kaya ku Ndirande, ku Matero, ku Tete, ku Mbare kapena ku Johannesburg. Lamulo la eninyumba ndi limodzi konseko: osapenta, osaboola khoma, ndipo wophwanya lamuloli aiwale za dipoziti yake. Kumudzi amayi athu ankazira nyumba ndi kukongoletsa zipupa ndi dothi lamitundumitundu popanda kupempha chilolezo. Wa lendi alibe ufulu umenewo, n'chifukwa chake amangopachika nsalu pakhoma. Ena amachita nazo manyazi poganiza kuti ndi chizindikiro cha umphawi, koma mbiri ikusonyeza kuti mwambowu unali wa mafumu a ku Ulaya.

M'zaka za m'ma 1300 ndi 1400, mafumu ndi nduna za ku France, England ndi Burgundy sankakhala malo amodzi. Ankayendayenda m'nyumba zawo zamiyala pokaweruza milandu, pokatolera msonkho ndiponso chifukwa chakudya cha gulu lawo lalikulu chinkatha msanga pamalo. Nyumbazo zinali zozizira ndi zamakoma osakongola. Motero antchito ankatsogola ndi ngolo zodzaza ndi mipukutu ya nsalu zochindikala, zowombedwa ndi ubweya wa nkhosa ndi silika, zina zokhala ndi ulusi wagolide ndi wasiliva. Akafika ankazikoloweka m'mbedza, ndipo pofika madzulo chipinda chamiyala chinali chitasanduka bwalo la mfumu. Nsaluzo zinkatchinga mphepo, zinkachepetsa phokoso, komanso zithunzi zake zinkauza mlendo kuti mwini wake ndi yani.

Mizinda ya Arras, Tournai ndi Brussels inalemera ndi ntchito imeneyi, moti mpaka lero Ataliyana amatcha nsalu yotere arazzo, kuchokera ku dzina la Arras. Ntchitoyi inali yapang'onopang'ono, chifukwa chithunzi sichinkapentedwa pamwamba koma chinkawombedwa m'nsalu momwemo, ulusi umodziumodzi. Cha m'ma 1370, Louis I wa ku Anjou anaitanitsa nsalu yosonyeza masomphenya a m'buku la Chivumbulutso. Inatha cha mu 1382 ndipo inali yotalika pafupifupi mamita 140. Pamene mfumu Henry VIII ya ku England inkamwalira mu 1547, inasiya nsalu zapakhoma zoposa 2,000.

Komatu chuma chonyamulika chimalandidwanso mosavuta. Mu 1476 Charles the Bold wa ku Burgundy anapita kunkhondo ndi nsalu zake kuti hema wake aoneke ngati nyumba yachifumu. Atagonja kwa Aswisi pa Grandson anathawa n'kuzisiya, ndipo zina mwa izo zikusungidwa ku Bern mpaka pano. Nsalu ya Chivumbulutso ija inanyozeka kumapeto kwa zaka za m'ma 1700: anthu anaidula zidutswa, zina n'kumafunditsira mitengo ya malalanje kuti isafe ndi chisanu. Zotsala, zopitirira pang'ono mamita 100, zinasonkhanitsidwa m'zaka za m'ma 1800 ndipo zili mumzinda wa Angers. Mu 1797 boma la France, litasowa ndalama, linawotcha nsalu zina zachifumu pofuna golide ndi siliva wa m'kati mwake.

Nthawi imeneyo n'kuti olemera atakhazikika m'nyumba zofunda, ndipo mapepala omata pakhoma atayamba kulowa m'malo mwa nsalu. Kenaka mu 1804, ku Lyon, Joseph Marie Jacquard anakonza makina owomba zithunzi potsatira makadi obooledwa. M'kupita kwa zaka, chinthu chimene chinali cha mafumu chinatsika mtengo mpaka kufika m'nyumba za anthu wamba.

Amene analumikiza mbiriyi ndi moyo wa lendi ndi katswiri wa mapulani a nyumba, Le Corbusier. M'zaka za m'ma 1950, akugwira ntchito ndi owomba nsalu a ku Aubusson, iye ananena kuti munthu wamakono wasanduka woyendayenda: amakhala m'nyumba yobwereka, ndipo amasamuka banja likakula kapena ntchito ikasintha. Munthu wotere sangajambule chithunzi pakhoma la wina, koma angathe kutsitsa nsalu yake, kuikulunga, kuiika kukhwapa n'kukaipachika kwina. Nsalu zakezo anazitcha muralnomad, kutanthauza chithunzi chapakhoma cha munthu wosamukasamuka.

Kum'mwera kwa Africa kuno luso limeneli linamera mizu yakeyake. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, Peder ndi Ulla Gowenius a ku Sweden anayambitsa sukulu yaluso imene inakhazikika ku Rorke's Drift, kumene amayi achizulu anawomba nsalu zofotokoza nthano ndi mbiri ya kwawo. Ku Teyateyaneng m'dziko la Lesotho, amayi amawomba nsalu zapakhoma ndi ubweya wa mbuzi za angora. Ife Achewa ndi Anyanja tinatenga chimene chinali pafupi, chitenje. M'chipinda chimodzi cha lendi, chitenje chimagawa pogona ndi pochezera, chimabisa ming'alu, ndipo ngati chili cha mpingo, cha ukwati kapena cha chikumbutso cha ufulu wa dziko, chimauza wolowa kumene tinachokera, monga momwe nsalu za Burgundy zinkachitira.

Antchito a mafumu aja ankadziwa kuti adani a nsalu ndi chinyezi, njenjete, dzuwa ndi moto, motero ankazitsitsa, kuzikutumula ndi kuzisinthanitsa. Nafenso tisaikanikize pakhoma lonyowa nthawi ya dzinja, kuopa chuku, ndipo tiitalikitse ndi mbaula ndi kandulo. Kuipisa pa ndodo yansungwi n'kuikoloweka pa msomali umene tinaupeza kale kumateteza nsalu ndi dipoziti yomwe.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo wa lendi ndi mlendo wolipira. Tsiku losamuka, khoma lidzatsala kwa mwini wake monga tinalipezera. Nsalu ija tidzaipinda pamodzi ndi mapoto ndi mphasa, ndipo madzulo omwewo, m'chipinda china chachilendo, ana akaiona pakhoma adzadziwa kuti afika kwawo.