Kupima Zomwe Zili mu Phula la Malasha

Phula la malasha ndi madzi akuda, onanda ndi onunkha, omwe amatuluka malasha akawotchedwa m'ng'anjo zosalowa mpweya pa madigiri oposa 1,000. Si phula la m'misewu yamasiku ano, lija limachokera ku mafuta apansi. M'kati mwake muli makemikolo zikwizikwi, ambiri a gulu la aromatic, omwe maatomu awo a kaboni amalumikizana asanu ndi imodzi n'kupanga mphete. Benzene ili ndi mphete imodzi. Naphthalene, ija amaumba timibulu toyera tothamangitsira njenjete m'zovala, ili ndi ziwiri, ndipo ndiyo yochuluka koposa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10.

Akale ankalekanitsa makemikolowa potcheza, monga amachitira kachasu. Benzene imawira pa madigiri 80, naphthalene pa 218, choncho chilichonse chimatuluka nthawi yake. Mu 1834 Friedlieb Runge wa ku Germany anapeza phenol ndi aniline mu phulali. Koma kutcheza kuli ndi polekezera: anthracene ndi phenanthrene zimawira pafupifupi pamodzi, kulemera kwake n'kofanananso.

Chomwe chinakolezera ntchitoyi ndi matenda. Mu 1915 Katsusaburo Yamagiwa ndi Koichi Ichikawa a ku Tokyo anapaka phulali m'makutu mwa akalulu kwa miyezi yambiri mpaka khansa inabuka. Nanga mwa zikwizikwi zija, wolakwa anali uti? Gulu la Ernest Kennaway ku London linaona kuti zigawo zoyambitsa khansa zimawala mwa mtundu wakewake zikaunikidwa ndi kuwala kwa ultraviolet. Potsata kuwalako, anasefa matani awiri a phula louma, ndipo mu 1933 James Cook, Colin Hewett ndi Izrael Hieger analengeza kuti apeza benzopyrene, ya mphete zisanu. Kuleza mtima kotereku n'kosowa.

Lero ntchito imeneyi imatha tsiku lomwelo. Makina a gas chromatography amakankha nthunzi ya phula m'kapaipi kopyapyala kotalika mamita 30 kapena kuposa, makemikolo n'kumatuluka motsatana, kenako mass spectrometer imayeza kulemera kwa chilichonse. Chenjezo ndi lakuti benzopyrene ilipo ya mitundu iwiri, yonse yolemera 252, koma woopsa kwambiri ndi umodzi. Kapaipi kakalephera kuilekanitsa, zotsatira zimanama. M'malabotale ambiri amapima makemikolo 16 a gulu la aromatic omwe bungwe loona za chilengedwe la EPA la ku America linawaika patsogolo.