Kuphunzitsa Chingerezi kwa Ana Aang'ono ku Vubwi: Maphunziro a Aphunzitsi

Vubwi ndi boma la m'chigawo cha Kum'mawa kwa Zambia lomwe linapatulidwa ku Chadiza mu 2012. Ana ambiri kumeneko amayamba sukulu akulankhula Chichewa chokha. Kuyambira 2014 Chinyanja ndicho chinali chiyankhulo chophunzitsira m'Giredi 1 mpaka 4, Chingerezi n'kumalowa ngati phunziro, poyamba cholankhula, kuwerenga pambuyo. Ndondomeko ya maphunziro ya 2023 inabwezera Chingerezi patsogolo kuyambira m'makalasi oyamba, ndipo izi zinawonjezera katundu pamutu pa mphunzitsi.

Ena mwa aphunzitsi amasulidwa ku Chipata College of Education, koma luso lokonza zochita za m'kalasi limakhwima ali kale pantchito, kudzera m'pologalamu ya SPRINT. M'pologalamuyi, aphunzitsi a sukulu imodzi amakumana, kukonzera limodzi phunziro, mmodzi n'kuliphunzitsa anzake akuonerera, kenako kukambirana pomwe ana anasokonezeka. Kumene mabuku ndi ochepa, amadula makatoni n'kulembapo mawu, amapeka nyimbo zamoni, kapena kuyala zitsekerero za mabotolo kuti ana azisewera zogulitsana pamsika m'Chingerezi. Chovuta kwenikweni ndi kuchuluka kwa ana: mphunzitsi ayenera kuwagawa m'timagulu kuti aliyense atsegule pakamwa, osangobwereza mawu a pabolodi onse pamodzi.