Field Target: luso lokonza bwalo lowomberapo ndi mfuti ya mpweya

Field Target ndi masewera owombera chandamale chachitsulo panja, m'nkhalango kapena m'tchire, pogwiritsa ntchito mfuti ya mpweya. Mfuti imeneyi ilibe wonga. Imakankha kachipolopolo ka mtovu ndi mphamvu ya mpweya wopanikizidwa m'thanki yake kapena ya sipuling'i. Pamasewerawa sipafa nyama kapena mbalame. Mfuti yabwino ndi diso lakuthwa n'zofunika, koma kukoma kwa mpikisano kumachokera kwa anthu amene akonza bwalo. Bwalo lokonzedwa mwanzeru limayesa katswiri popanda kutayitsa mtima wophunzira, ndipo siliika pangozi munthu wodutsa.

Mbiri yake

Masewerawa adayambira ku Britain. Mpikisano woyamba udachitika m'chaka cha 1980 pamudzi wa Magham Down ku Sussex, ndipo pambuyo pake adafalikira ku America, m'maiko ena a ku Ulaya ndi kum'mwera kwa Africa. Lero malamulo a mipikisano ya dziko lonse amayang'aniridwa ndi bungwe la World Field Target Federation. Kuno kum'mwera kwa Africa masewerawa adazika mizu ku South Africa, dziko limene lidachititsa mpikisano wa dziko lonse mu 2009 komanso mu 2023.

Momwe amasewerera

Chandamale chimakhala chitsulo chophwatalala, nthawi zambiri chodulidwa m'maonekedwe a kalulu, khoswe kapena khwangwala. Pachitsulocho pamakhala kabowo kozungulira, ndipo kuseri kwa kabowoko kuli kachitsulo kena. Kachipolopolo kakadutsa pakabowo n'kugunda kachitsulo kakuseriko, chandamale chonse chimagwa chagada ndipo wowombera amapeza pointi imodzi. Kakagunda pambali, chitsulo chimangolira koma sichigwa, ndipo sapeza kanthu. Pochidzutsa amakoka chingwe chimene chimafika pamalo owomberapo, kotero palibe amene amalowa kutsogolo kwa mfuti.

Pamalamulo a dziko lonse, bwalo limakhala ndi zitsulo 50 zoikidwa m'tinjira 25, ziwiri kanjira kalikonse, ndipo chilichonse chimawomberedwa kamodzi kokha. Mtunda umayambira pa mamita 9 kulekeza pa mamita 50. Timabowo timakhala ta mamilimita 15, 25 kapena 40. Mphamvu ya mfuti siyenera kupitirira ma joule 16.3, ndipo ambiri amagwiritsa ntchito tizipolopolo ta mamilimita 4.5 tolemera pafupifupi theka la galamu. Pampikisano wa dziko lonse munthu amawombera zitsulo 150 m'masiku atatu.

Zitsulo zambiri zimawomberedwa munthu atakhala pansi pakakhushoni, mfuti ataitsamiritsa pabondo. Zina zochepa lamulo limafuna kuti awombere ataimirira kapena atagwada. Wowombera sauzidwa mtunda, ndipo makina oyezera mtunda ndi oletsedwa. Amauyeza yekha potembenuza kagudumu ka galasi loonera patali limene lili pamwamba pa mfuti, mpaka chandamale chitaoneka bwinobwino. Kuphonya mtunda ndi mamita awiri okha pachitsulo chakutali n'kokwanira kuti kachipolopolo kagunde m'munsi kapena m'mwamba mwa kabowo. Apa mpomwe mawu akuti kuona maso a nkhono n'kudekha amapherezera.

Pali mtundu wina wotchedwa Hunter Field Target, umene bwalo lake limakhala ndi zitsulo 30. Kumeneko kugwetsa chitsulo ndi mapointi awiri, kungochigunda ndi pointi imodzi, ndipo mpikisano ukayamba saloledwanso kusintha galasi. Oyamba kumene ambiri amaukonda chifukwa sufuna zipangizo zodula kwambiri, komanso munthu sabwerera kwawo chimanjamanja.

Kuyeza kuvuta kwa bwalo

Okonza mabwalo ku America amagwiritsa ntchito kawerengedwe kamene adayambitsa Brad Troyer. Amagawa mtunda wa mayadi ndi kukula kwa kabowo m'mainchi. Chitsulo cha pa mayadi 50 chokhala ndi kabowo ka inchi imodzi ndi theka chimapereka 33, pamene cha pa mayadi 20 chokhala ndi kabowo ka theka la inchi chimapereka 40. Motero chapafupi chikhoza kuvuta kuposa chakutali. Nambalayo amaikweza ngati munthu awombera ataimirira kapena atagwada, ngati pamalopo pali mphepo, kapena ngati chitsulo chili mumdima.

Phindu la kawerengedweka n'lakuti wokonza amaona bwalo lonse pamodzi. Zitsulo zonse zikakhala zovuta, wophunzira amamaliza tsiku atagwetsa ziwiri kapena zitatu, ndipo sabweranso. Zonse zikakhala zophweka, akatswiri amafanana mapointi ndipo wopambana sadziwika. Bwalo labwino limasakaniza: chapafupi ndi chakutali m'kanjira kamodzi, china m'mwamba mumtengo, china kutsetse, china pamthunzi, china padzuwa.

Chilungamo nachonso n'chofunika. Kabowo kayenera kuoneka konse kwa wamtali ndi wamfupi, kwa wamanzere ndi wamanja, choncho udzu ndi nthambi zotchinga zimasadzidwa. Chitsulo chilichonse chimayesedwa mpikisano usanayambe, chifukwa chimene chakana kugwa chitagundidwa bwino chimabweretsa mkangano.

Malamulowa pazigwa za Kasungu

Malo alionse ali ndi mayeso ake, ndipo zigwa za fodya za ku Kasungu ndi chitsanzo chabwino cha zimene wokonza bwalo amakumana nazo pamalo athyathyathya. Chigwachi chili pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere. Mpweya wa pamalo okwera chotere ndi wopepukirapo, ndipo kachipolopolo sikatsika mofanana ndi kumalo otsika ngati ku Chikwawa. Mlendo amayenera kuyesanso mfuti yake asanayambe.

Mdani wamkulu ndi mphepo. Fodya akakololedwa n'kupita kumsika wa Chinkhoma, mapesi ake atazulidwa, minda imatsala poyera ndipo mphepo ya m'miyezi ya June ndi July imadutsa popanda chotchinga. Pa mamita 50, mphepo yapakatikati imatha kukankha kachipolopolo mtunda woposa kukula kwa kabowo. M'miyezi ya September ndi October kumabwera akamvuluvulu, ndipo nthaka yotentha imachititsa chandamale kuoneka ngati chikuvina m'galasi. Wokonza wanzeru saika zitsulo zonse poyera chotere. Amagawa tinjira, tina m'mphepete mwa munda, tina m'nkhalango ya bulugama ya pa esiteti, tina pansi pa mitengo ya mombo ndi masuku kumene mphepo imafooka koma kuwala kumachepa. Amapewanso kulozetsa tinjira kum'mawa pampikisano wam'mawa, kuopa kuti dzuwa lingathobwe owombera m'maso.

Malo athyathyathya ali ndi ngozi yakeyake. Kachipolopolo kophonya kamatha kuuluka mamita mazana angapo, ndipo pachigwa palibe phiri loti likaimitse. M'chilimwe ana amadyetsa ng'ombe ndi mbuzi m'minda yokololedwa, amayi amatola nkhuni, ndipo njira zachidule zimadutsa paliponse. N'chifukwa chake kuseri kwa chitsulo chilichonse kuyenera kukhala chotchinga, monga chulu, chimene ku Kasungu sichisowa, kapena mulu wa dothi. Kanjira kasaloze kumudzi, kuzigafa, kumsewu kapena kudambo kumene anthu amatunga madzi ndi kulima madimba, popezanso mtovu ndi poizoni. Mwini malo ndi mfumu ya deralo ayenera kudziwa tsiku ndi malire a bwalo.

Chitetezo ndi lamulo

Pabwalo pamakhala woyang'anira wokhala ndi wenzulo. Akaimba kamodzi, aliyense amaleka kuwombera ndipo amachotsa ngozi pamfuti yake. Akaimba kawiri, mpikisano umapitirira. Mfuti imaikidwa kachipolopolo pokhapokha italoza kuchandamale, ndipo pochoka kanjira kena kupita kena imanyamulidwa yopanda kanthu.

M'Malawi nkhani za mfuti zili pansi pa lamulo la Firearms Act, ndipo ziphaso zimaperekedwa kudzera kupolisi. Wofuna kugula mfuti ya mpweya kapena kukonza mpikisano ayenera kuyamba wafunsa kumeneko, pakuti safunsa adadya phula. Kulowa ndi chida m'malo otetezedwa ngati Kasungu National Park popanda chilolezo ndi mlandu, choncho bwalo liyenera kutalikirana ndi malire a nkhalangoyo.

Owombera amayenda m'timagulu ta anthu awiri kapena atatu, kulemberana mapointi ndi kukokerana zingwe. Katswiri ndi wophunzira amakhala pakanjira kamodzi, mphepo imodzimodzi ikuwanyenga onse. Wokonza bwalo amadziwa kuti wagwira ntchito pamene wopambana waphonyako zingapo, wotsiriza wagwetsako zokwanira kuti afune kubweranso, ndipo mbusa amene amadyetsa ziweto kuseri kwa chulu wafika kwawo ali bwinobwino.