Kolona m'Malawi: mantha amene ankabwera n'kupita

Pa 20 Marichi 2020, Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi chifukwa cha mliri wa kolona. Tsikulo m'Malawi munalibe ndi munthu mmodzi yemwe amene anapezeka ndi kachilomboka. Sukulu zinatsekedwa pa 23 Marichi, misonkhano ya anthu oposa 100 inaletsedwa, ndipo pakhomo pa masitolo, mabanki ndi matchalitchi panayamba kuoneka ndowa za mpopi ndi sopo. Anthu ankasambadi m'manja, ena ndi mtima wonse, ena pongofuna kuti mlonda awalole kulowa. Matenda enieniwo ankangowaonera pa kanema ndi pa WhatsApp: mabokosi a maliro ku Italy, misewu ya zii ku Wuhan.

Odwala atatu oyamba analengezedwa pa 2 Epulo ku Lilongwe, ndipo mmodzi mwa iwo anali atangofika kuchokera ku India. Woyamba kumwalira, pa 7 Epulo, anali atachokera ku Britain. Apa m'pamene panamera maganizo amene anavuta kuwazula, akuti kolona ndi matenda a okwera ndege, a mabwana okhala m'mipanda ya njerwa. Ena ankati kachilomboka sikangapirire dzuwa la ku Nsanje, ena n'kumati thupi la munthu wakuda n'lolimba.

Ndiye boma linalengeza m'bindikiro wa masiku 21, woyamba pa 18 Epulo mpaka pa 9 Meyi. Misika ikuluikulu itsekedwe, aliyense akhale pakhomo. Mavenda ku Limbe, ku Mzuzu ndi m'matauni ena anakhamukira m'misewu, ndipo mawu awo anali amodzi: kuli bwino kufa ndi kolona kusiyana n'kufa ndi njala. Pa 17 Epulo, woweruza Kenyatta Nyirenda wa khoti lalikulu ku Lilongwe anapereka chiletso chimene bungwe la Human Rights Defenders Coalition linapempha, pa chifukwa choti boma silinakonze njira yothandizira osauka. M'bindikirowo unafera pomwepo.

Alipo amene mpaka lero amati mavenda aja anachita umbuli. Ine sindikuona choncho. Mayi wogulitsa mandasi amene amagula ufa wa tsiku limenelo madzulo, ndi ndalama ya mandasi a m'mawa, anawerengera bwino lomwe. Njala ankaidziwa, ndipo ankadziwa kuti ifika Lachitatu. Kolona anali asanamuonepo atagwira munthu wa dzina lodziwika kwa iye. Kumuuza kuti akhale pakhomo milungu itatu kunali kumuuza kuti asinthanitse ngozi ya mphekesera ndi ngozi yotsimikizika. Boma linazindikira izi mochedwa n'kulonjeza K35,000 pamwezi kwa mabanja osauka a m'mizinda, koma apo n'kuti chikhulupiriro chitathawa kale.

Chinaonjezera nkhuni pamoto ndi ndale. Khoti linali litathetsa chisankho cha pulezidenti cha 2019, ndipo chachibwereza chinachitika pa 23 Juni 2020. Miyezi ya Meyi ndi Juni, atsogoleri a mbali zonse ankasonkhanitsa namtindi wa anthu m'mabwalo, akuvina mothithikana, pamene wailesi inkalangiza kuti anthu azitalikirana mita imodzi. Munthu wa ku Ndirande akaona zimenezi ankafunsa funso losavuta: ngati matendawa alikodi, bwanji akuluakuluwo sakuwaopa? Ambiri anafika poganiza kuti kolona ndi chida chongofuna kulepheretsa chisankho. Kumapeto kwa Meyi, anthu oposa 400 obwera pa mabasi kuchokera ku South Africa, amene anasungidwa pa Kamuzu Stadium podikira zotsatira za kuyezedwa kolona, anathawa n'kubalalikira kumidzi kwawo, akudandaula za chakudya ndi zimbudzi.

Boma latsopano la Lazarus Chakwera linakhwimitsa malamulo mu Ogasiti, ndipo woyenda wopanda masiki ankayenera kulipira K10,000. Atelala a m'makhonde anapeza msika, akusoka masiki a chitenje. Koma aliyense amene anakwerapo minibasi masiku amenewo akukumbukira mmene zinkachitikira. Masiki ankakhala pachibwano kapena m'thumba. Galimoto ikayandikira pa rodibuloko, kondakitala ankati, "Makolo, tivale masiki apo," onse n'kukokera kansaluko pamphuno, ndipo akangodutsa apolisi kankabwereranso pachibwano. Chimene chinkaopedwa ndi yunifomu. Pofika Okutobala ndi Novembala odwala anachepa kwambiri, sukulu zinali zitatsegulidwa, maukwati ndi zinkhoswe zinabwerera mwakale, ndipo ambiri anati Mulungu watikondera.

Januwale 2021 anasintha zonse. Anthu anali atabwera kudzadya Khirisimasi kuchokera ku Joni, kumene mtundu watsopano wa kachilomboka, wotchedwa Beta, unali utafala. Pa 12 Januwale, tsiku limodzi, nduna ziwiri zinamwalira: Lingson Belekanyama wa maboma ang'onoang'ono ndi Sidik Mia wa zamtengatenga. Mwezi womwewo dziko linataya oimba Maria Chidzanja Nkhoma ndi Wambali Mkandawire, ansembe, abusa, aphunzitsi ndi akuluakulu a m'maofesi. Ukatsegula Facebook m'mawa unkapeza zithunzi za anthu owadziwa. M'zipatala mpweya wa okosijeni unasowa, moti Bingu National Stadium ndi nyumba ya boma ya ku Zomba zinasandutsidwa zipatala, ndipo mlembi Stanley Onjezani Kenani anatsogolera nzika wamba kusonkha ndalama zogulira masilinda a mpweya.

Masabata amenewo panalibe wofunika kumukumbutsa za masiki. Maliro, amene kwathu kuno sajombeka, anayamba kuchitika mwachidule, opanda kugona pasiwa, opanda kuona nkhope. Koma mantha sanangothamangitsira anthu ku malangizo a chipatala okha. Mitengo ya bulugama inasadzulidwa masamba. Madzulo m'nyumba zambiri munthu ankagwada pa poto wa madzi owira, atadzifunditsa bulangete, akukoka nthunzi mpaka thukuta kamukamu. Mandimu, jinja ndi adyo zinakwera mtengo pamsika. Madokotala ankachenjeza kuti nthunzi siipha kachilombo kamene kali kale m'thupi, koma kufukiza kunali chinthu choti munthu angachite ndi manja ake, pakhomo pake, ndipo ambiri ankaopa kuti ukagonekedwa ku tenti ya kolona subwerako.

Manthawo akanatha kukhala maziko a katemera, koma zinthu ziwiri zinasokoneza. Choyamba, inatuluka nkhani yoti mwa K6.2 biliyoni yolimbanirana ndi mliri, yambiri inathera m'maalawansi ndi kugula zinthu mosatsata malamulo. Anthu ena anamangidwa, nduna imodzi inachotsedwa mu Epulo, ndipo amene ankati kolona ndi bizinezi anapeza pogwira. Chachiwiri, pamene katemera 360,000 wa AstraZeneca ankafika pa 5 Marichi kudzera mu ndondomeko yogawa katemera ya COVAX, maliro anali atachepa kale. Chakwera anabayitsa pagulu ku Zomba pa 11 Marichi, komabe mauthenga a pa foni anali atafika kumudzi katemerayo asanafike: akuti amatseka mimba, akuti ndi chizindikiro cha 666, akuti wobayitsa satha zaka ziwiri.

Katemera wina 102,000, wochokera ku African Union, anafika kumapeto kwa Marichi atatsala ndi masabata osakwana atatu kuti athe mphamvu. Pa 19 Meyi, nduna ya zaumoyo Khumbize Chiponda inatsogolera kutentha katemera 19,610 wotsalayo ku Kamuzu Central Hospital, atolankhani akuona, pofuna kutsimikizira anthu kuti palibe amene adzabayidwe katemera wotha ntchito.

Mu Juni katemera anatheratu m'dziko muno, ndipo mu Julayi mtundu wa Delta unabweretsanso maliro. Zipatala zomwe mu Epulo anamwino ankakhala chodikira anthu, tsopano zinkabweza ofuna kubayitsa, ndipo katemera wina atafika kumapeto kwa mweziwo, mizere m'mizinda inkayamba m'bandakucha. Pamene bungwe la WHO linkalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti kolona salinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, mabuku a boma ankaonetsa kuti Amalawi oposa 2,600 ndiwo anamwalira ndi matendawa.